Amalera Mtima wa Mwana Ndani? Mbiri ya Banja Kuno Kumadzulo kwa Lilongwe



Titati tifunsane pa msonkhano wa achinyamata kuti aliyense akukhala ndi yani kunyumba, mayankho angatuluke ambiri. Wina akukhala ndi bambo ndi mayi ake omubereka. Wina ali ndi mayi okha, bambo ali ku Joni kapena anakakwatira kwina. Wina akuleredwa ndi agogo, wina ndi amalume, ndipo wina, ngakhale sanakwanitse zaka 18, ndiye kholo la abale ake aang'ono. Tonsefe timavala yunifolomu imodzi kusukulu ndipo timayimba nyimbo imodzi m'kwaya, koma dzuwa likalowa timakagona m'nyumba zosiyana, ndipo mitima yathu imakula molingana ndi zimene timapeza m'nyumbamo.

Tikamva kuti mnyamata wina walowerera ndi kachasu, kapena kuti mtsikana wina wasiyira sukulu panjira ali Folomu 2, timafulumira kunena kuti ana a masiku ano ndi osamva. Ena amawonjezera kuti kale mabanja anali olimba. Sabata ino tiyeni tiyang'ane mbiri ya dera lathu lino, kuchokera ku Namitete ndi ku Mpingu mpaka ku Nsaru, kwa Kabudula ndi ku Nambuma. Mbiriyi ikutisonyeza kuti banja la kuno lasintha kangapo m'zaka 130 zapitazi, ndipo nthawi zambiri pa kusinthako mwana wachisodzera ankataya mmodzi mwa anthu amene ankamuyang'anira. Funso lathu n'lakuti: banja likasintha chotere, amatsala ndani woti alere mtima wa mwana?

Mudzi wa mbumba

Makolo athu Achewa ankawerenga chibale kudzera kwa mayi. Mwamuna akakwatira ankasamuka kwawo n'kukamanga nyumba kumudzi kwa mkazi, ndiwo ukwati wa chikamwini. Motero mudzi unkakhazikika pa akazi apachibale: agogo, ana awo aakazi ndi zidzukulu. Gulu limeneli ndilo mbumba, ndipo woliyang'anira anali mlongo wawo wamwamuna, nkhoswe. Kwa ana, munthu ameneyu anali malume, kapena kuti mtsibweni. Mwana akadwala, akapalamula mlandu, kapena akafuna kulowa m'banja, nkhani inkayamba yafika kwa iye. Bambo wobereka ankalemekezedwa, ankalima ndi kudyetsa ana ake, koma mphamvu zake zenizeni zinali kumudzi kwawo, kumene nayenso anali nkhoswe ya alongo ake ndi ana awo.

Chiyankhulo chathu chikusungabe chithunzi cha moyo umenewo. Mkulu kapena mng'ono wa mayi athu timamutchula kuti amayi aakulu kapena amayi aang'ono. Mng'ono wa bambo athu ndi bambo aang'ono. Ana awo ndi achimwene ndi achemwali athu, pomwe ana a amalume ndi a azakhali ndi asuweni, amene timaseka nawo momasuka. Mwana wobadwira m'mudzi wotere ankakula akudziwa kuti ali ndi amayi angapo, ndiponso makomo angapo oti angathawireko zinthu zikavuta pakhomo pake.

Akasinkhuka, mwana ankachoka m'nyumba ya makolo. Anyamata ankagona kumphala kapena m'gowelo, atsikana kukuka kwa agogo. Usiku kumeneko kunali nthano, zilapi ndi malangizo, ndipo zimene mtsikana sakanayerekeza kuuza mayi ake ankaziulula kwa agogo popanda manyazi. Akatha msinkhu ankaperekedwa m'manja mwa anamkungwi, n'kupatsidwa phungu woyenda naye pa chinamwali chonse. Mnyamata nayenso ankapita kudambwe ali ndi phungu wake. Mudzi unkadziwa kuti zaka za kutha msinkhu n'zoterera, choncho unkasankhiratu munthu wodziwika ndi dzina woti amugwire dzanja mwanayo.

Ngakhale chikhulupiriro cha mdulo kapena tsempho chinali ndi phunziro lake. Anthu ankati kholo likachita zosayenera pa nthawi yoletsedwa, mwana angatupe mpaka kumwalira. Lero tikudziwa kuti kutupa kotero kumadza ndi matenda komanso kuperewera kwa zakudya m'thupi. Komabe chikhulupirirocho chinkakumbutsa makolo mfundo yoona, yakuti khalidwe lawo limakathera pa mwana.

Maukwati a chikamwini ankatha kawirikawiri. Mkamwini akasemphana ndi apongozi, kapena akaoneka waulesi kumunda, ankanyamula khasu ndi mphasa yake n'kubwerera kwawo. Koma ukwati ukatha, mwana sankasamuka. Ankatsala pakhomo pomwepo, ndi agogo omwewo, anzake omwewo ndi munda womwewo. Chisoni chosowa bambo chinalipo ndithu, koma mudzi wake unali uli chiimire.

Tisaukometse moyo umenewo mopyola muyeso. Kuchinamwali ndi kudambwe kunali kumenya ndi kuopseza. M'madera ena kunali mwambo wa fisi, umene unkavulaza atsikana m'thupi ndi mumtima momwe. Atsikana ambiri ankakwatiwa akangotha msinkhu, ndipo mwana ankaphunzitsidwa kukhala chete pamaso pa akulu ngakhale pamene akuluwo ndiwo akumulakwira. Zimenezi sitikuzilira ayi. Chimene tikufuna kuchigwiritsa n'chakuti udindo wolera mtima wa mwana unali wogawana pakati pa anthu ambiri, monga umanenera mwambi uja wakuti mwana wa mnzako ngwako yemwe.

Nkhondo ndi kubwera kwa amishoni

Kusintha kunayamba Azungu asanakhazikike kuno. M'zaka za m'ma 1800, Angoni a Mpezeni ochokera kumadzulo ndi a Chiwere cha ku Dowa ankathira nkhondo midzi ya Achewa, ndipo magulu a akapolo ankatengedwa kulowera kunyanja ku Nkhotakota. Anthu ambiri anathawira m'malinga. Angoni ankawerenga chibale kudzera kwa bambo, ndipo Achewa oyandikana nawo anayamba kuona banja la mtundu wina. Mkazi wogwidwa ukapolo analibe nkhoswe yomuyankhulira, choncho ana ake ankakhala m'manja mwa bambo awo. Katswiri wa mbiri yakale Kings Phiri, m'nkhani imene anafalitsa mu 1983, anafotokoza m'mene nkhondo, ukapolo, mishoni ndi chuma cha nthawi ya atsamunda zinasinthira banja la Achewa, n'kumachepetsa mphamvu za malume ndi kukweza za bambo.

Ansembe a chipani cha Missionaries of Africa, amene ambiri timawadziwa kuti White Fathers, anatsegula mishoni ku Mua ndi ku Chiwamba mu 1902. Chaka chotsatira mishoni ya ku Chiwamba inasamukira ku Likuni, ndipo chaka chomwecho anatsegulanso Kachebere. Mishoni ya Nambuma inatsegulidwa mu 1928. Ansembewa anaphunzitsa ukwati wa mwamuna mmodzi ndi mkazi mmodzi, wosatha mpaka imfa, ndipo anauza bambo kuti ana ake ndi udindo wake pamaso pa Mulungu. Kwa ana ambiri imeneyi inali mphatso yaikulu: bambo wokhazikika pakhomo, amene sanyamula mphasa pa mkangano uliwonse. Anabweretsanso sukulu, kumene mwana anapeza munthu wamkulu wina watsopano, mphunzitsi wa m'mudzi.

Koma kusinthaku kunali ndi zowawa zake. Munthu ankaphunzira katekisimu zaka zinayi asanabatizidwe, ndipo wamitala ankayenera kutsala ndi mkazi mmodzi. Ana a akazi otsalawo ankaona bambo awo akulowa m'tchalitchi iwo ndi mayi awo ali kunja kwa banja lovomerezeka. Mkhristu ankaletsedwa gule ndi chinamwali, ndipo m'zaka za m'ma 1920 mikangano pakati pa anyau ndi sukulu za mishoni inakula m'madera ambiri a chigawo chapakati. Tangoganizirani mnyamata wa zaka 14 wa nthawi imeneyo. Amalume akumuitanira kudambwe, mphunzitsi akumuitanira kusukulu, ndipo kulikonse kumene angapite, mbali inayo imutcha wopanduka. Mtsikana wobatizidwa ankataya anamkungwi ndi phungu pa nthawi imene Mpingo unali usanakonze wina wolowa m'malo mwawo. Pambuyo pake mipingo, wathu womwe, inaona mpata umenewu ndipo inakhazikitsa alangizi achikhristu. Kukhalapo kwa alangizi m'maparishi athu ndi umboni wakuti Mpingo unavomereza nzeru ya makolo ija: mwana wotha msinkhu asamayende yekha.

Msonkho, Wenela ndi machona

Chimene chinakokolola amuna m'midzi kuposa zonse chinali msonkho. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1890 boma la atsamunda linafika ndi msonkho wa nyumba m'chigawo chapakati. Wolephera kulipira ankatha kuwotcheredwa nyumba, ndipo nthawi zina mkazi wake ankagwidwa ngati chikole. Ndalama zinali kutali, m'minda ya Azungu, ku Halale m'dziko la Southern Rhodesia, ndi kumigodi ya ku Joni. Amuna anayamba kupita, ena wapansi, ena kudzera ku bungwe lolemba anthu ntchito za kumigodi limene tonse timalitcha Wenela. Komiti imene boma linakhazikitsa mu 1935 inapeza kuti amuna pafupifupi 120,000 a dziko lino anali kunja, kuposa gawo limodzi mwa magawo anayi a amuna onse akuluakulu. Ambiri mwa iwo sanabwerere, ndipo anapatsidwa dzina lakuti machona.

M'mudzi wa Achewa, mwamuna mmodzi akachoka pankasowa anthu awiri. Kumudzi kumene anakwatira kunkasowa bambo, ndipo kumudzi kumene anabadwira kunkasowa malume. Mwana ankatha kukula bambo ake ali ku Joni, amalume ake ali ku Halale, mlandu wake n'kusowa woukamba pabwalo. Amayi ndi agogo ndiwo anasenza zonse, kulima, kufolera nyumba, kupeza msonkho ndi kulanga ana.

Obwerera ankafika ndi njinga, bulangeti, jekete, mwina galamafoni, ndipo mudzi wonse unkasonkhana kudzaona. Anyamata anaphunzirapo kuti mwamuna weniweni ndi amene wachoka. Atsikana anaphunzirapo kuti mwamuna ndi mlendo, amabwera ndi kupita. Mwana wa mtchona ndiye anali pa mavuto aakulu, chifukwa chisoni chake chinalibe maliro. Womwalira timamulira, timameta, kenako timayamba moyo wina. Wochona sitimulira chifukwa mwina ali moyo, ndipo sitimuiwala chifukwa mwina abwera mawa. Mwana wotere ankakula khutu lili kunjira, akudzifunsa ngati bambo ake akumukumbukira.

Pa 4 Epulo 1974 ndege ya Wenela inagwa itangonyamuka ku Francistown m'dziko la Botswana, ndipo Amalawi 74 obwerera kumudzi anafera pomwepo. Dr Kamuzu Banda anaimitsa ntchito yolemba anthu, ndipo amuna oposa 100,000 anabwerera kumudzi m'zaka ziwiri zotsatira. Ena anapeza ana amene anawasiya akuyamwa atamera ndevu, ndipo sanadziwe choyankhula nawo. Ntchito yolemba anthu inayambiranso pang'ono mu 1977, n'kutheratu mu 1988 pa mkangano wa kuyeza magazi. M'zaka zomwezo Kamuzu ankadzitcha Nkhoswe Nambala Wani, ndipo amayi onse a dziko lino ankatchedwa mbumba yake. Mawu a m'mudzi aja anakwera mpaka ku ndale, koma nkhoswe ya pa wailesi sinkatha kukhala pakhonde ndi mwana amene walira.

Fodya, ndunda ndi chitengwa

Pamene ena ankachoka, ena anapeza ndalama pompano. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1920, Mzungu wina dzina lake A.F. Barron anatsegula esiteti ku Mbabzi n'kuyamba kulimbikitsa anthu a m'midzi kulima fodya kuti iye azigula. Mu 1926 boma linakhazikitsa bungwe la Native Tobacco Board, ndipo pofika 1935 alimi olembedwa m'kaundula m'chigawo chapakati anali pafupifupi 30,000. Chigwa cha Lilongwe chinatchuka ndi fodya wa chikopa.

Fodya anafika mpaka m'kati mwa banja. Ulimi wake umafuna nazale, zigafa, nkhuni ndi thukuta la chaka chonse. Mwamuna sankafuna kukhetsa thukuta lotero pa munda wa apongozi, pamene angathamangitsidwe tsiku lililonse. Ambiri anayamba kupempha kuti atenge mkazi kupita naye kwawo, ndiwo ukwati wa chitengwa. Chitengwa chinalipo kale, makamaka kwa mafumu ndi nkhoswe zimene sizikanatha kusiya mudzi, koma tsopano chinafala. Ndalama za fodya zinkalipira fizi, ndipo bambo wolipira fizi ankafuna kuti mawu ake amveke pa mwanayo kuposa a malume.

Mu 1967 nyumba ya malamulo inakhazikitsa malamulo atsopano a malo, ndipo mu 1968 ntchito ya Lilongwe Land Development Programme inayamba ndi thandizo la World Bank. Inabweretsa misewu, mijigo, misika ndi ngongole za feteleza. Inabweretsanso kudula malire ndi kulemba minda m'kaundula, banja lililonse ndi gawo lake lotchedwa ndunda, lolembedwa m'dzina la woimira banjalo. Mu 1975 likulu la dziko linasamukira ku Lilongwe, tauni n'kutiyandikira. Nthawi yonseyi anthu ankachuluka. Kalembera wa 1966 anapeza anthu 4 miliyoni m'dziko muno, pomwe wa 2018 anapeza 17.5 miliyoni. Minda inkachepa, ndipo munda ukachepa abale amayamba kuwerengana.

Mwana wa chitengwa anapindula zambiri. Anakula pafupi ndi bambo ake, ndipo ambiri a ife tinaphunzira sukulu chifukwa cha bambo otere. Vuto limaoneka ukwati ukatha kapena bambo akamwalira. Mayi amabwerera kwawo. Mwana amatsala ndi mayi womupeza, kapena amatsatira mayi ake kumudzi kumene sanakulireko, kumene minda inagawidwa kale. Akuchimuna amati kwanu n'kwa amayi ako. Akuchikazi amati mwanayu ali ndi bambo ake. Pakamwa ali ndi midzi iwiri, koma akafuna poika khasu amapeza kuti alibe ngakhale umodzi.

Mwana wotere timamudziwa. Amadya mofulumira ngati wina amulanda mbale. Sapempha sopo ngakhale atatha. Amaphunzira kuwerenga nkhope za akuluakulu asanalowe m'nyumba. Wina amafatsa mopyola muyeso, wina amapsa mtima pa kanthu kakang'ono, ndipo ife timangoti ndi wamwano, osadziwa kuti mwanayo akufunsa ngati pali pena pamene akufunidwa.

Zaka za Edzi

Munthu woyamba kupezeka ndi kachirombo ka HIV m'dziko muno anadziwika mu 1985. M'zaka za m'ma 1990 maliro anachuluka m'midzi yathu yonse. Wenela inkatenga amuna n'kusiya amayi. Edzi inatenga bambo, mayi, malume, azakhali ndi amayi aang'ono, anthu onse a msinkhu wolera ana, nthawi zina m'zaka ziwiri kapena zitatu zokha. Chipatala cha St Gabriel ku Namitete, chimene asisitere a chipani cha Carmelite ochokera ku Luxembourg anatsegula mu 1959, chinkalandira odwala ochuluka, ndipo anthu odzipereka a m'midzi anayamba kuyendera odwala m'makomo. Njala ya 2002 inapeza mabanja ambiri atafooka kale.

Atsikana ndi anyamata a zaka 12 kapena 15 anasiya sukulu kuti adwazike makolo awo. Ankawasambitsa, kuwaphikira phala ndi kuwachapira, zonsezi osaloledwa kutchula dzina la matendawo. Maliro akatha, achibale ena ankanyamula njinga, malata ndi mbuzi, ndipo ana ankagawidwa, uyu kwa azakhali ku Lilongwe, uyu kwa amalume ku Mchinji. Mwana amene wangotaya mayi ankatayanso mng'ono wake amene ankagona naye mphasa imodzi. Ambiri anathera kwa agogo. Kuka kuja, kumene kale atsikana ankangopitako kukagona ndi kumva nthano, tsopano kunasanduka nyumba yonse, agogo a zaka 70 n'kukhala mayi, bambo ndi nkhoswe ya zidzukulu zisanu ndi ziwiri. Tiyenera kuwavulira chipewa agogo amenewa, chifukwa popanda iwo mbadwo wonse ukanabalalika.

Mu 2004 boma linayamba kupereka mankhwala a ma ARV kwaulere, ndipo maliro anayamba kuchepa. Mu 2011 kunabwera lamulo latsopano loteteza chuma cha masiye kwa olanda. Koma pali chinthu chimodzi chimene timachiiwala. Ana amasiye a m'zaka za m'ma 1990 ndi kumayambiriro kwa 2000 lero ali ndi zaka 30 kapena 40, ndipo ambiri mwa iwo ndiwo makolo a achinyamata a m'magulu athu. Bambo amene sadziwa kucheza ndi mwana wake mwina anaika m'manda bambo ake ali Sitandade 4. Mayi amene amakalipa pa chilichonse mwina analera abale ake ali mwana, popanda womufunsa kuti zikuyenda bwanji. Izi sizichotsa kulakwa kwa kholo lankhanza, koma zimatithandiza kumvetsa kumene kukhala chete kwa m'nyumba zathu kunachokera.

Kafukufuku wa boma wa zaumoyo wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti pafupifupi mwana mmodzi mwa ana asanu aliwonse m'dziko muno sankakhala ndi kholo lomubereka ngakhale limodzi. Anapezanso kuti amayi 42 pa 100 alionse a zaka 20 mpaka 24 anakwatiwa asanakwane zaka 18, ndipo atsikana 29 pa 100 alionse a zaka 15 mpaka 19 anali ndi mwana kapena pathupi. Lamulo la maukwati la 2015 ndi kusintha kwa malamulo aakulu a dziko mu 2017 zinaika zaka 18 ngati malire. Umphawi ndiwo umakankha ambiri, koma tikamvetsera bwino, atsikana ena amathamangira banja chifukwa akufuna nyumba imene angaitche yawo. Ndipo ulendo wa ku Joni sunathe. Lero amapita abambo ndi amayi omwe, ana n'kumaleredwa pa foni, ndalama zikubwera koma munthu osaoneka.

Zimene ofufuza anapeza

Mu 1951 dokotala wa ku Britain, John Bowlby, analembera bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO lipoti lonena za ana olekanitsidwa ndi makolo. Mfundo yake inali yakuti mwana amafuna chikondi chokhazikika cha munthu womusamala monga momwe amafunira chakudya. Pambuyo pake Emmy Werner anatsatira moyo wa ana 698 obadwa mu 1955 pa chilumba cha Kauai ku Hawaii, kuyambira ali makanda mpaka atakula. Pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a anawo anakulira mu umphawi, m'mikangano, kapena ndi makolo oledzera ndi odwala. Mwa ana ovutikawo, mmodzi mwa atatu alionse anakula bwinobwino, wodzidalira ndi wachikondi. Chimodzi mwa zimene zinawateteza chinali chakuti anali ndi munthu wamkulu wodalirika, kaya agogo, azakhali, mphunzitsi kapena mtsogoleri wa kumpingo, amene sanawataye.

Madokotala amanenanso kuti ubongo wa munthu umapitiriza kukhwima mpaka cha m'ma zaka 25, makamaka mbali imene imathandiza kudziletsa ndi kuganizira za mawa. Wachinyamata amamva chisoni, mkwiyo ndi chikondi mwamphamvu pamene nzeru zoziwongolera zisanakhwime. N'chifukwa chake amafuna wamkulu womubwereka nzeru. Makolo athu sanawerenge mabuku amenewa, koma pomupatsa namwali phungu ankachita zomwezo.

Choncho mtundu wa banja uli ndi mphamvu pa mtima wa mwana, koma suweruziratu tsogolo lake. Nyumba ya bambo ndi mayi okondana ndi dalitso lalikulu, ndipo tiyenera kuilimbikitsa. Komabe nyumba imene makolo onse alipo koma usiku uliwonse muli ndewu ingavulaze mwana kuposa kanyumba ka agogo kamene muli mtendere. Mnzathu woleredwa ndi mayi okha kapena ndi agogo asadzione ngati wopereweredwa. Mbiri ya dera lino yadzaza ndi aphunzitsi, anamwino, ansembe, asisitere ndi alimi odziwika amene anakula chomwecho.

Ntchito imene yatitsalira

Ambuye Patrick Kalilombe atakhala episkopi wa Lilongwe mu 1972, anaitanitsa sinodi ya dayosizi imene inachitika kuyambira 1973 mpaka 1975. Chipatso chake chachikulu chinali miphakati, magulu aang'ono a akhristu oyandikana nyumba, odziwana mayina ndi mavuto. Sinodi ya maepiskopi a mu Africa ya 1994 inatchula Mpingo kuti banja la Mulungu. Tikayang'ana mbiri imene tafotokozayi, mphakati ndiwo uli pamalo abwino kugwira ntchito imene mbumba inkagwira. Amalume ali kutali, kuka kunagwa, mphala kulibe, koma mphakati umakumana pafupi ndi khomo la mwana aliyense.

Mphakati umene umadziwa kuchuluka kwa ndalama za chopereka uyeneranso kudziwa ana a m'dera lake amene akukhala okha, amene angofika kumene kuchokera kumudzi kwa bambo awo, ndi amene makolo awo ali ku Joni. Makolo a ubatizo ndi oimira ana pa sakramenti la Ulimbitso ndiwo aphungu a masiku ano, ndipo ntchito yawo siithera pa chithunzi cha tsiku la chikondwerero. Amalume, ngakhale ana a alongo anu ali ku chitengwa, dzina lanu la nkhoswe silinafafanizidwe. Abambo, fizi yokha sikwanira. Mwana amafunanso kuti mumudziwe anzake ndi zimene zikumusowetsa tulo. Alangizi, pa malangizo anu musiyeko mpata woti mwana ayankhule, pakuti kukhala chete kuja kunabisa zoipa zambiri.

Ndipo ife achinyamata tisadikire kufunidwa. Aliyense wa ife asankhe munthu wamkulu mmodzi wa khalidwe labwino amene angamuuze zakukhosi. Tikaona mnzathu akudzipatula, sakugona, wayamba mowa kapena chamba, kapena akunena kuti moyo watopa nawo, tisamuseke ndipo tisasunge chinsinsi chotero. Tiuze wamkulu wodalirika, ndipo timuperekeze kuchipatala, kaya ku St Gabriel kapena ku Kabudula. Abale a chipani cha Saint John of God alinso ndi malo othandizira odwala nkhawa ndi matenda a maganizo mumzinda wa Lilongwe. Mutu umodzi susenza denga.

Pa misonkhano ya sabata ino, tiyeni tikambirane mafunso awa. Kodi agogo athu anakula ndi yani, ndipo makolo athu anakula ndi yani? Tikawafunse, chifukwa ambiri sanafunsidwepo. Kodi ifeyo zinthu zikativuta timapita kwa yani? Nanga m'mphakati mwathu muno, ndi mwana uti amene atati asowe masiku atatu palibe angamufunefune, ndipo ndani mwa ife apite kukamuona Loweruka lisanafike?